Dalaivala Wosadziwa Njira

Mayi Nélida Ccori anabwera nayo itakulungidwa m'thaulo,
laputopu ya malemu amuna awo,
yolemera ngati njerwa, chilembo cha E chitafufutika ndi chala.
Anati: imangoganiza, siyankha.
Ndinati: zaka khumi ndi zinayi si masewera, mayi,
koma tiitula katundu, tiiveke malaya opepuka.

Kashopu kanga kali pamwamba, msewu wa Wilson, mu Lima muno,
pakati pa wogulitsa inki ndi mnyamata wa mafoni osweka.
Panja chifunga cha Ogasiti chakana kusuntha,
thambo lili phulusa ngati sikirini yozima.

Ndinaikamo Linux wamng'ono, wosadya zambiri,
uja amalemba anthu osalipidwa, usiku ana atagona.
Fani inaleka kubuula. Kiyibodi inavomera. Intaneti inagwira.
Nditayatsanso,
mdima.
Kamzere koyera pakona yakumanzere kakungophethira,
ngati munthu amene funso walimva
koma chilankhulocho n'chachilendo.

Vuto ndi dalaivala, ndinatero.
Mayi Nélida anaseka mpaka kugwira thebulo:
amuna anga anali dalaivala,
minibasi ya ku Comas, zaka makumi atatu!
Ndiye mukudziwa, mayi.
Injini ili bwino, mafuta alimo, anthu akwera,
koma wakhala pachiwongoleroyo msewu uno sanaupondepo.

Kampani imene inaumba kachipu ka zithunzi
inatseka buku lake kalekale, kiyi n'kumeza.
Dalaivala wawo wakale akufuna Linux wa dzana,
watsopano kachipuka sakadziwa n'dzina lomwe.
Alipo wachitatu, waulere, wolembedwa mopapasa
ndi anthu amene anatsamira khutu pakhoma
kuti amve zomwe chitsulo chimanong'ona.

Woyamba anandipatsa mdima womwe uja.
Wachiwiri anabwera ndi zilembo zonenepa ngati za pachikwangwani,
batani lovomerezera litagwera kunja kwa sikirini
komwe mbewa singafike.
Wachitatu anayatsa nyale, ndinatsala pang'ono kuimba,
koma ukakoka windo limang'ambika pakati ngati nsalu yofumbwa,
ukatseka chivindikiro makina agona tulo
tosadzuka nato ngakhale uwagwedeze.

Mnyamata wa mafoni anasuzumira, nati:
mdala, taya, pansipa akugulitsa zatsopano pangongole.
Sindinamuyankhe.
Inenso mawondo anga kampani inaleka kuwathandiza.

Lachinayi, khofi atazizira kawiri,
ndinatsegula kafayilo kobisika
n'kulembamo mzere umodzi wokha, wouza dalaivala uja:
usathamange.
Liwiro lonse ndinamulanda,
zithunzi azinyamula pamutu, chimodzichimodzi.

Kunacha.
Osati kowala ngati m'sitolo, ayi,
pamwamba pakhala kamzere kobiriwira kamene kakana kuchoka,
koma kunacha.

Anabwera madzulo, ambulera ikudontha chifunga.
Sanafunse dzina la chimene ndaikamo.
Anatsegula foda yolembedwa Hilario,
kanema wa masekondi makumi anayi:
bambo wa chipewa chofiira atatsamira minibasi,
akukweza dzanja.
Dzanja linakwera, n'kuima, n'kukwera, n'kuimanso,
mawu atatsogola kale, milomo ikubwera m'mbuyo.

Ndinayamba kupepesa, kufotokoza za liwiro lija.
Anandiletsa ndi chikhatho.
Musiyeni, anatero, asafulumire.
Moyo wake wonse ankathamangira okwera,
lero atsazike pang'onopang'ono.

Anauonera katatu.
Analipira masole makumi anayi, osanenerera.
Ndisanatseke chivindikiro ndinamata kapepala pambali pa kiyibodi:
ikakufunsani kuti isinthe zatsopano, kanani,
bwerani nayo kaye kuno.

Anaikulunganso m'thaulo n'kutsika masitepe.
Ine ndinatsala ndi mzere uja,
ndaukopera m'kope langa lamafuta, tsamba la makumi asanu ndi limodzi,
poti mawa kubwera ina ya kachipu komweko,
ndipo mwina, mwina,
mzerewo sukagwira.